Tenti kapena resitihausi mukatsikira kuchigwa?

Anzanga amene mukufuna kutsikira ku Chikwawa kapena ku Nsanje, musanafunse za mtengo yambani mwaona mwezi umene mukupita. Okotobala ndi Novembala kuno kutentha kumafika madigiri 40 mpaka kupitirira, ndiye tenti yomwe imakukomerani ku Mulanje ija kunoko imasanduka uvuni, dzuwa likangotuluka basi mwadzuka thukuta lili kamukamu. Nyengo ya mvula ndiye musayerekeze nkomwe, tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu 2023.

Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti tenti ndi yabwino heavy, bola muimike pamalo ovomerezeka. Ku Majete kuli malo a kampu, ndipo chitengereni a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks nkhalangoyi mu 2003 nyama zinabwerera, njovu, zipembere, mikango ndiye anaibweretsa mu 2012. Mukagona konko mumayamba kuona nyama mmamawa kusanatenthe pomwe wa ku resitihausi pa Dyeratu akadali panjira. Kungoti katundu ndi wambiri, matiresi, tochi, madzi akumwa, mbaula, mapoto, ndiye pamafunika galimoto, pa minibasi kapena kabaza mungovutika. Ndipo chonde zoimika tenti paliponse mmbali mwa Shire ayi, ng'ona ndi mvuu za kuno sizicheza.

Resitihausi nayo ubwino wake ndi woti mumangofika ndi kachikwama, pa Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pa boma ku Nsanje malo ogona simungasowe, nsima ya nyama ya mbuzi mumaipeza pafupi, foni mumatchaja. Koma musalipire musanalowe mchipindamo. Yatsani fani muone ngati ikuzungulira, tambasulani neti muyang'ane mabowo chifukwa udzudzu wa kuchigwa ndi wa malungo, tukulani matiresi muone nsikidzi, tsegulani mpopi. Funsaninso ngati ali ndi jenereta kapena sola, poti magetsi akathima chipinda cha malata opanda siling'i chimatentha kuposa tenti yomweyo, ndipo windo simungatsegule ngati lilibe waya. Zina zili khoma limodzi ndi bawa, nyimbo mpaka mbandakucha.

Ine ngati ulendo ndi wokaona nyama mu Juni kapena Julayi ndimanyamula tenti osaganiza kawiri. Koma wa ntchito, wa maliro, kapena muli ndi ana ang'ono ndi agogo, tengani chipinda cha selefu, ngakhale chidule pang'ono.