Ruger American ya .243 yomwe ndinagulira abambo: ndemanga yanga atayigwiritsa ntchito

Mwachidule mfutiyi ndiyabwino kuposa mtengo wake, ndipo ndikanati ndizipereka nyenyezi ndikanayipatsa zinayi pa zisanu. Koma ndisanapitirire ndinene kaye kuti si ine mwini wake, ndinangothandiza kusankha ndi kulipira, mwini wake ndi abambo anga omwe akhala akusaka kuyambira ine ndisanabadwe. Ndiye zomwe ndikulemba pano zina ndaziona ndekha powaperekeza, zina ndi zomwe iwo akunena, ndipo abambo si munthu woyamikira chinthu mwachisawawa.

Vuto linali loti mfuti yawo yakale ya .30-06 (manambala oterewa amanena mtundu wa chipolopolo chomwe mfuti imatenga), ija yathabwa yolemera, inayamba kuwakanika. Phewa lakumanja limawavuta masiku ano, nde ukamawayang'ana akuwombera umaona kuti akutsinzina ndi kudzidzimuka chipolopolo chisanatuluke nkomwe, thupi likuyembekezera kale kumenyedwa. Munthu akafika pamenepo olo akhale katswiri bwanji amayamba kuphonya, kapena choyipitsitsa kuvulaza nyama nkuthawa ili ndi bala. Iwo samavomera, amati ndi maso. Maso nawo alipo ndithu koma nkhani yaikulu inali kukankha kwa mfutiyo.

Ndiye ndinayamba ndi funso la chipolopolo osati la kampani. Anthu ambiri amayamba ndi dzina la mfuti, ine ndikuona kuti kumeneko nkuyambira kumchira. Ya .243 Winchester inatuluka mu 1955, ndipo kwenikweni ndi chikhokho cha .308 Winchester chomwe anachichepetsa kukamwa kuti chitenge kachipolopolo kakang'ono ka mamilimita 6. Kukankha kwake ndi pafupifupi theka la .30-06, ukawombera umamva kuti yalira koma sikupweteka. Ndinaganizirakonso 6.5 Creedmoor ya kampani ya Hornady ija ya 2007 yomwe aliyense akuyitama, komanso 7mm-08, zonse ndi zabwino ndipo zimanyamula chipolopolo cholemerako, koma abambo sasaka nyama zikuluzikulu, ndi za msinkhu wa gwape ndi mbawala basi, ndipo sawombera patali kwambiri. Pa ntchito imeneyo .243 yokhala ndi chipolopolo cha 95 kapena 100 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) imakwana. Ngati wachibale wanu amasaka zinyama zikuluzikulu zachikopa cholimba musatengere ine, .243 ichepa, pitani pa .308. Komanso funsani malamulo akwanuko chifukwa mayiko ena amaika malire, mwachitsanzo ku England agwape ambiri saloledwa kuwombedwa ndi mfuti yochepera .240, nde .243 imangodutsa pang'ono.

Pa mfuti zotchipa zokoka ndi bolt (chitsulo chomwe umakoka ndi dzanja polowetsa ndi kutulutsa chipolopolo) zomwe zili pamsika, ndinagwira Savage Axis, Mossberg Patriot, Winchester XPR ndi Ruger American. Tikka T3x ya ku Finland ndinayigwiranso, eeh bolt yake imayenda mofewa zedi, koma mtengo wake uli pamwamba ndipo ndimafuna ndalama ina itsalire scope, galasi loonera patali lomwe limaikidwa pamwamba pa mfuti. Kunena zoona zinayi zoyambazo zonse zimalasa bwino, masiku ano makina opangira mipope ya mfuti yodutsamo chipolopolo anapita patsogolo moti mfuti yotchipa imatha kulasa mofanana ndi yodula, kusiyana kumakhala pa kamvekedwe mmanja ndi kukongola. Amene mukufuna Savage dziwani kuti Axis II ndi imene ili ndi AccuTrigger, triga (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) yomwe kulimba kwake kumasinthika.

Chomwe chinapangitsa kuti titenge Ruger ndi abambo eni ake. Ndinapita nawo kukayesa, ndipo ili ndi langizo langa lalikulu, osagulira munthu mfuti mobisa ngati mphatso yomudzidzimutsa ayi. Poyamba malamulo mmayiko ambiri amafuna kuti laisensi ndi mapepala zikhale mdzina la amene azisunga mfutiyo, nde kugula mdzina lanu nkukapereka kwa wina kutha kukuikani mmavuto aakulu, ife mapepala onse anasaina okha. Kachiwiri mfuti ili ngati nsapato, imafunika mwini wake ayese. Anatsinzina, nkuyikweza paphewa, nkutsegula maso kuti aone ngati diso lagwera pomwe likuyenera, anachita choncho ndi iliyonse, pa Ruger anangoti "iyi yakhala" basi nkhani inathera pompo.

Kutalika kochokera pa triga kufika kuthako la mfuti pa Ruger American yanthawi zonse ndi mainchesi 13.75, ngati masentimita 35, mpope mainchesi 22. Ilipo ya Compact ya mainchesi 12.5 ndi mpope wa 18, imeneyo ndiyabwino kwa munthu wamfupi kapena wamikono yaifupi, amayi ambiri ndi achinyamata imawakhala bwino, kungoti mpope waufupi umalira kwambiri komanso liwiro la chipolopolo limatsikako. Abambo ndi aatali nde tinatenga yaitaliyo. Ija yatsopano ya Generation II imabwera ndi tizidutswa tochotsa ndi kuwonjezera kuthako kuti musinthe kutalika, ife tinatenga yoyambayo yomwe inatuluka 2012 chifukwa inali yotsikirako.

Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 2.8 isanaikidwe scope. Izi abambo akuzikonda kwambiri chifukwa ulenje wawo ndi woyenda, amatha tsiku lonse mfuti ili paphewa nkuwombera kamodzi kapena osawombera nkomwe. Koma dziwani kuti mfuti ikapepuka imakankhanso kwambiri, ndi chifukwa chake sindingalangize munthu wokalamba kutenga yopepuka chonchi mu .30-06, mungangobwerera pa vuto lomwe lija. Mu .243 zimagwirizana bwino, kuphatikiza labala wofewa yemwe ali kuthako.

Triga ndi yomwe inandisangalatsa ine. Mphamvu yofunika poyikoka imasinthika pakati pa mapaundi 3 ndi 5, ili ndi kachitsulo kakang'ono pakati komwe chala chimayenera kukanikiza kaye kuti iwombe. Sitinayisinthe nkomwe, momwe inabwerera imaduka bwinobwino popanda kukokeka. Bolt yake ili ndi mano atatu ndipo imakwera madigiri 70 okha, nde chala sichigundana ndi scope pokoka. Masiku oyamba imamveka kaphokoso kokhwekhwereza ukamayikoka, itapakidwa mafuta pang'ono ndi kugwiritsidwa ntchito inafewa. Safety, kotsekera kuti mfuti isawombe mwangozi, ili kumbuyo pomwe chala chachikulu chimafika chokha, kaya ndinu wamanzere kaya wamanja. Pa mtundu woyambawu safety sitseka bolt, abambo anazolowera yakale yomwe imatseka nde zinawatengera kanthawi, poyenda mmatchire amayang'ana kawirikawiri ngati chogwirira sichinakodwe ndi nthambi. Magazini imalowa zipolopolo zinayi ndipo situlukira pansi, imakhala yofanana ndi mimba ya mfuti, ponyamula mmanja sikusokoneza.

Kalasidwe nde ayi, palibe chodandaula. Pa mamita 100, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga, zipolopolo zitatu zimagwera malo oti mutha kuphimba ndi zala ziwiri. Mpope wake sukhudza pulasitiki yapansi, tinalowetsa kapepala pakati nkukayendetsa mpaka kumapeto osakodwa, ndipo nchimene chimathandiza kuti izilasa malo amodzi. Koma mpopewo ndi wowonda, mukawombera zingapo motsatizana umatentha ndipo zimayamba kumwazikana, mudikire uzizire. Kwa mlenje si vuto chifukwa chofunika ndi chipolopolo choyamba mpope uli wozizira. Tinayesa mitundu ingapo ya zipolopolo, ina imagwirizana nayo kuposa ina, zimenezo mfuti iliyonse ili ndi mtima wake, mukapeza yomwe ikukonda gulani mabokosi angapo a mtundu womwewo musamasinthesinthe.

Nyenyezi yachisanu ndayimana chifukwa cha zomwe zili pa mfuti zonse za mtengo uwu. Thupi lake ndi lapulasitiki, ukaligogoda limamveka mphako, ndipo kutsogolo limapindika ukalifinya mwamphamvu, nde osakoka lamba kwambiri powombera kapena kutsamiritsa mpope weniweniwo pamtengo, tsamiritsani pulasitikiyo mofatsa. Abambo poyamba amayiseka kuti ndi choseweretsa, iwo anakulira pa thabwa lopakidwa bwino. Ubwino wake pulasitiki siyitupa ndi mvula. Chitsulo chakudacho chimafuna kupukuta ndi kansalu kamafuta mukabwera kunyowa, mukachisiya mchikwama chonyowa usiku umodzi dzimbiri liyamba, izi ndi za mfuti iliyonse yomwe si ya stainless.

Pomwe tinakhumudwa penipeni ndi pa timphete togwirira scope tomwe wogulitsa wina anatiwonjezera ngati banyira, topanda ndi dzina lomwe. Timamasuka tokha, lero mwayika bwino mawa ikulasa kumbali, abambo anayamba kukayikira mfuti mpaka mnzawo wina wokonza mfuti anagwedeza scope ndi dzanja nkuona kuti ikusewera. Tinagula timphete tachitsulo tabwino, anamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, kuchokera pamenepo sinasunthenso. Nde ndalama yomwe mwapulumutsa pa mfuti ikani apa. Scope ya 3-9x40 (yokulitsa zinthu kuyambira katatu mpaka ka 9) yapakatikati ndi yokwanira, chachikulu ikhale yowala mmawa ndi madzulo pomwe nyama zimayenda, komanso ikhale patali ndi diso masentimita 9 kapena 10 kuti isamenye pachikope. Kwa munthu wamkulu wovala magalasi izi nzofunika kuposa kukula kwa manambala.

Pa bajeti musaiwale bokosi lachitsulo lokhoma ngati mulibe kale, makamaka pakhomo pomwe pamabwera adzukulu, zipolopolo zizikhala kwina kokhomanso. Ndi zotseka mmakutu, kulira kwa mfuti ngati iyi kumapitirira madesibo 140 ndipo khutu likawonongeka silibwerera, abambo khutu lamanzere linapita kalekale chifukwa nthawi yawo zimenezi amaziona ngati zamantha. Pano amavala, ndipo ndaona kuti kudzidzimuka kuja kunachepanso chifukwa theka lake linali phokoso.

Nyengo yosaka yapitayi anapha mbawala ndi chipolopolo chimodzi kuseri kwa phewa, inangothamanga pang'ono nkugwa. Yakale ija sanayigulitse, akuti ndi ya mbiri, koma pa ulendo akunyamula ya pulasitiki yomwe amayiseka ija. Kwa amene mukufunira kholo lokalamba, mkazi wanu kapena wachinyamata yemwe wakwanitsa zaka ndipo wapeza chiphaso, ndingakulangizeni iyi mu .243 kapena 7mm-08, bola mupite naye akayikweze yekha paphewa musanalipire.