Makalasi a Chingerezi amadzulo pa Dedza boma, mmene ndawaonera

Anthu angapo akhala akundifunsa za makalasi amene ndimapita madzulo aja, ndiye ndati ndingolemba pano aliyense awerenge yekha. Ine ndikubwereza MSCE chifukwa cha Chingerezi basi, mukudziwa kuti ukalakwa phunziro limeneli satifiketi palibe ngakhale zina zonse utakhoza. Ndatha miyezi itatu kwa amayi ena amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi, amaphunzitsira kuseli kwa nyumba yawo kufupi ndi msika, tonse timangowatchula kuti madamu.

Chimene chandigwira mtima ndi kaphunzitsidwe kawo, ndipo ndipereka chitsanzo cha tsiku limodzi. Tinafika tinapeza patebulo pali ndimu, tomato wakupsa kwambiri, kachewere wowiritsa m'mbale, adyo, kansalu konyowa ndi kamtondo kakang'ono kosinjira tsabola. Anandipatsa ndimu nkuti mwanangu finya. Nditafinya akuti imeneyo ndi squeeze, chinthu ukuchipana ndi zala mbali zonse kuti madzi atuluke, chimodzimodzi mankhwala otsukira mano. Kenako anandipatsa kansalu kaja kuti ndifinyenso, ine nkuyankha msanga kuti squeeze, iwo ayi ona manja ako akupotokola, imeneyo ndi wring, w wakeyo satchulidwa ndipo zikachitika kale timati wrung. Apa mpamene ndinazindikira vuto langa zaka zonsezi, ife timati kufinya ponseponse pamene azungu anagawa pawiri.

Press anatiuza kuti ndi kukanikiza chinthu pamalo amodzi osachiwononga, kudina batani la foni, kudinda chala papepala, ngakhale kusita malaya. Crush ndiye mphamvu yambiri mpaka chinthu chiphwanyike tizidutswa, ngati amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu wa M1 aja, kapena adyo amene anamutswanya ndi supuni ife tikuona. Tomato uja anamuika pansi pa buku lolemera nkukanikiza mpaka anangoti phwathalala, akuti squash, ya zinthu zofewa, ndiye mnyamata wina wa ku Bembeke amene amagulitsa tomato anati zimenezi zimamuchitikira tsiku lililonse mu minibasi dengu likakhala pansi pa matumba. Madamu anatenga chomwecho nkumuuza kuti apange chiganizo, anapanga bwinobwino, nkuonjezeranso kuti anthu mukapanikizana anayi pampando umodzi mumatha kunena kuti we squeezed in.

Kachewere tinanyenya ndi foloko, mash. Kusinja mumtondo ndi musi, pound. Kugayitsa kuchigayo kapena kupera mawere pamphero, grind, ndipo anatichenjeza kuti zakale zake ndi ground osati grinded, ambiri amataya malikisi pamenepa. Kukanda ufa wa mandasi ndi knead, k wosatchula. Anakhalitsanso pa crush ndi crash chifukwa pakamwa pathu zimamveka chimodzi, galimoto ikawombana ndi inzake ndi crash, anatibwerezetsa mpaka makutu anazolowera. Mawu onsewa mpaka lero sindinaiwale ngakhale amodzi, ndikamachapa kunyumba ndimangopezeka ndikunena wring ndekha, chifukwa ndinawagwira ndi manja osati kungokopera pabolodi ngati mmene tinkachitira kusekondale.

Zodandaula zilipo ndithu ndipo ndinawauza iwo eni. Chipinda nchaching'ono, tikakwana tonse ena amalembera pamwendo, ndipo zenera lina lilibe galasi ndiye kuzizira kwa Dedza mwezi wa June ndi July mukukudziwa, zala zimauma cholembera osagwirika, bwerani ndi juzi yeniyeni. Magetsi akathima timaweruka msanga chifukwa nyale ya sola ilipo imodzi. Mapepala a fotokope amene amatipatsa ena ndi osaoneka bwino, zilembo zofufutika m'mphepete. Koma chachikulu kwa ine nchakuti nthawi yolemba chimangirizo ndi yochepa, timalankhula kwambiri kusiyana ndi kulemba pamene mayeso a MANEB amafuna cholembera. Anandiyankha mofatsa kuti ayamba kutipatsa ntchito yokalembera kunyumba Lachisanu lililonse, ndipo sabata ziwiri zapitazi achitadi, amachonga ndi inki yofiira mzere ndi mzere.

Malipiro ndi apamwezi ndipo si oboola m'thumba, amene amagulitsa kumsika amakwanitsa, ukachedwa kulipira amamvetsa bola uwauze. Kwa amene mukukhala kutali ngati ku Linthipe kapena ku Lizulu ganizirani za thiransipoti yobwerera chifukwa timaweruka kutada. Ine ndipitiriza mpaka mayeso, ndipo mng'ono wanga amene ali folomu 3 ndamulembetsa kale kuti ayambe mwezi wamawa.