Kumene ndinagula galimoto yatsopano anandizunza ndi vuto la magetsi

Anthu ogulitsa galimoto awa ndawapatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndi chifukwa cha mnyamata mmodzi wa zamagetsi. Galimoto yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando, koma itangotha miyezi itatu batire kumafa m'mawa uliwonse, ukatembenuza kiyi ikungoti kwe kwe, magetsi a pa dashibodi kuphethira, wailesi kuzima yokha. Ndinabwerera nayo kanayi konse! Ulendo woyamba anasintha batire. Wachiwiri anasintha fyuzi n'kufufuta ma code, manambala osonyeza vuto la galimoto, pa kompyuta yawo ati zatheka bwana, koma sabata isanathe ndili pa jampa kachiwiri, kulizira galimoto ndi batire ina.

Mnyamata uja ndi amene anatenga multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Injini ikulira alternator, chipangizo chotchaja batire, inkapereka ma volt 14, ndiye kuti ilibe mlandu. Atazimitsa zonse anaona kuti galimoto ikudyabe moto wambiri, kuposa ma milliamp 50 amene imayenera kudya ikagona. Anazula mafyuzi imodziimodzi mpaka anapeza kuti kabokosi ka maloko a zitseko sikankagona, komanso waya wa earth, wolumikiza magetsi ku chitsulo cha galimoto, unali wosamanga bwino. Waranti inalipira zonse, mwayi ndinkasunga pepala la ulendo uliwonse, koma za masiku onse ndinavutika aja palibe anapepesa ngakhale mmodzi.