F-35B kapena F-35C: kodi Angerezi anagula ndege yolakwika?

Mkangano uwu sukalamba. Okonda ndege zankhondo akakumana, wina akangotchula HMS Queen Elizabeth, sitima yankhondo yonyamula ndege, salephera kupezeka wodandaula kuti Britain inamanga zisitima ziwiri, iyeyu ndi mnzake HMS Prince of Wales, chilichonse cha matani pafupifupi 65,000 ndi mamita 280 m'litali, kenako n'kuikapo F-35B, ndege yosafika patali, m'malo mwa F-35C. Ine ndili kumbali ya F-35B. Koma pali mfundo imodzi ya anzathu a F-35C imene imandisowetsa choyankha, ndipo si ija ya mtunda imene amakonda kukuwa nayo.

Ndege ziwirizi n'zapachibale. Zonse amapanga ndi Lockheed Martin, rada ndi imodzimodzi, makompyuta ndi omwewo, injini ndi ya banja limodzi la F135. Zimasiyana kanyamukidwe ndi kateredwe, ndipo zina zonse zimachokera pamenepo.

F-35C imachita kuponyedwa. Amakoleka mwendo wake wakutsogolo ku makina okwiriridwa m'bwalo la sitima, makinawo n'kuikankha ngati mwala wa pa legeni, moti m'masekondi awiri kapena atatu imakhala itapitirira liwiro la makilomita 250 pa ola. Pobwera imatsitsa ngowe kumchira kuti ikole imodzi mwa nthambo zachitsulo zopingasa bwalolo. Matayala akangogunda pansi, woyendetsa amawonjezera moto m'malo mochepetsa, kuti ngowe ikaphonya athe kunyamukanso osagwera m'nyanja. N'chifukwa chake ili ndi miyendo yojintcha ndi mapiko otambalala mamita 13.1, opindika kunsonga poimika.

F-35B safuna zonsezo. Kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa kuli chifani chachikulu cha Rolls-Royce chimene chimazunguzidwa ndi shafuti yochokera ku injini. Chitseko chimatseguka pamsana, paipi ya moto kumbuyo imagwadira pansi, ndege n'kuima m'malere. Ponyamuka imathamanga pang'ono n'kukwera kachitunda kamene kali kumutu kwa sitima. Potera imafika pambali pa sitima, n'kuima, n'kusendera cham'mbali, kenako n'kutsika mwakachetechete pamalo pake. Mwakachetechete m'maso mokha, chifukwa phokoso lake ndi logonthetsa m'khutu, ndipo moto wake ndi wotentha moti malo otererapo anachita kuwakuta ndi chitsulo chapadera kuti asapse.

Chifani chija n'cholemera, ndipo chinalanda malo a thanki. F-35B imanyamula mafuta okwana makilogalamu pafupifupi 6,100 m'mimba mwake, pamene F-35C imanyamula pafupifupi 8,900. Ikamapita kukamenya n'kubwerera, B imafika makilomita ngati 830, C imapitirira 1,100. Zipinda za mabomba za B n'zazifupinso: imabisa mabomba awiri a makilogalamu 450, pamene C imabisa awiri a makilogalamu 900. Palinso vuto la pobwerera. Kumalo otentha mpweya umapepuka, ndipo ndege yotera choimirira singathe kubwera ndi katundu wolemera, kutanthauza kutaya mafuta kapena mabomba odula m'nyanja. Angerezi anapeza njira yotera ikuyenda pang'onopang'ono kuti mapiko athandizeko kunyamula, ndipo anaiyesa koyamba pa Queen Elizabeth mu October 2018.

Ndiye tikaika ndege ziwirizi pa sikelo zokhazokha, C yapambana, palibe chokangana. Kungoti ndege siigulidwa payokha. Mumagulanso sitima yoti izitererapo, ndipo ndalama zimathera pamenepo.

Boma la Britain linayesa kale njira ya C. Mu October 2010, boma la David Cameron litaunikanso zachitetezo, linalengeza kuti lasiya B ndipo ligula C. Nthawi yomweyo linapumitsa ndege zonse za Harrier, zakale zotera choimirira, ndi sitima yonyamula ndege ya Ark Royal. Koma sitima zatsopanozi siziyendera nthunzi, zimayendera injini za gasi za MT30 ndi za dizilo zopanga magetsi, choncho makina akale oponyera ndege ndi nthunzi sakanatheka. Panafunika atsopano a magetsi ndi maginito otchedwa EMALS, amene ngakhale eni ake ku America anali asanawaike pa sitima iliyonse. Poyamba ankati kusintha sitima imodzi kudya pafupifupi mapaundi 950 miliyoni. Atalowa m'kati n'kuona zipinda zoti agwetse ndi nthambo zoti asunthe, mtengo unafika pa mapaundi 2 biliyoni, ndipo ndege zikanayamba ntchito cha m'ma 2023. Mu May 2012 nduna ya zachitetezo, Philip Hammond, inabweza mawu n'kubwerera ku B. Kupita ndi kubwerera kumeneko kunamwaza mapaundi pafupifupi 74 miliyoni popanda chogwirika.

Onani bwino apa, anzanga: 2 biliyoniyo inali ya sitima imodzi. Inayo ikanaimikidwa padoko kapena kugulitsidwa. Choncho chimene Britain inkasankha ndi sitima imodzi ya C kapena ziwiri za B. Sitima imodzi ikalowa m'galaja, dziko limakhala lilibe kanthu. Funsani France. Sitima yawo imodzi yokha yonyamula ndege, Charles de Gaulle, ndi yabwino, ya nyukiliya, yoponya ndege za Rafale M, koma italowa kokonzedwa mu 2017 inatha chaka ndi theka ili padoko ku Toulon, ndipo oyendetsa ndege ake anachita kupita ku America kukabwereka bwalo la USS George H.W. Bush kuti manja asaiwale. Angerezi nawonso sitima zawo zawachititsa manyazi, koma inzake imakhalapo. Mu August 2022 shafuti ya Prince of Wales inawonongeka itangotuluka ku Portsmouth, Queen Elizabeth n'kupita ku America m'malo mwake. Mu February 2024 zinatembenuka: Queen Elizabeth inapezeka ndi vuto la shafuti itatsala pang'ono kupita ku zoyeserera za NATO, Prince of Wales n'kunyamuka patangopita sabata.

Mfundo ina ndi ya anthu. Kukola nthambo usiku, nyanja ikuwinduka, ndi luso limene limatha ngati suliyeserera pafupipafupi. Kutera choimirira pa F-35B kompyuta imagwira gawo lalikulu, moti woyendetsa wa RAF, gulu la nkhondo ya mumlengalenga la Britain, wochokera ku bwalo la pamtunda la Marham atha kusamukira pa sitima popanda miyezi yambiri ya maphunziro. Komanso B ili ndi anzake ambiri: asilikali a US Marine Corps, Italy pa sitima ya Cavour, ndi Japan imene ikusintha sitima zake za Izumo ndi Kaga. C palibe dziko lina laigula kupatula America.

Tsopano mfundo imene imandisowetsa choyankha. Makina oponyera aja saponya ndege zomenya zokha. Amaponyanso E-2 Hawkeye, ndege ya chimbale cha rada pamsana, imene imakwera kupitirira mamita 7,000 n'kumaona adani ali kutali kwambiri. Rada ya pa sitima siona kuseri kwa kupindika kwa dziko, ndipo mzinga wouluka mokwawa pamwamba pa madzi umaoneka utatsala masekondi ochepa. Angerezi amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Ark Royal ina yakale, osati ya 2010 ija, yomwe inkaponya ndege, itapuma kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndege zake zaulonda za Gannet zinapitira limodzi. Mu 1982 ku Falklands anali ndi ma Sea Harrier pa sitima za Hermes ndi Invincible, amene anamenya nkhondo mogometsa, koma m'mwamba munalibe diso. Pa 4 May ndege za Argentina za Super Étendard zinabwera chokwawa, mzinga wa Exocet n'kugunda HMS Sheffield, ndipo anthu 20 anafa. Lero ntchito yaulonda imeneyi ili m'manja mwa helikopita ya Merlin yonyamula rada ya Crowsnest. Helikopitayi sifika ngakhale mamita 5,000, siikhalitsa m'mwamba, ndipo siingapite kutali ndi sitima. France, ndi sitima yake imodziyo, ili ndi Hawkeye. Apa a C ali ndi chilungamo, ndipo amene amati rada ya F-35 yeniyeniyo ikhoza kutseka mpatawu akudzitonthoza.

Komabe chimene chikuvuta sitimazi lero si mtundu wa ndege, ndi chiwerengero. Iliyonse inamangidwa kuti izinyamula F-35B zofika 36. Britain inanena kuti idzagula 138, koma oda yoyamba inali ya 48. Pa ulendo waukulu wa mu 2021 wopita ku Asia, Queen Elizabeth inanyamula ndege 8 za Britain ndi 10 za US Marine Corps, alendo kuchuluka kuposa eni nyumba. Mwa 8 zija imodzi inagwera m'nyanja ya Mediterranean mu November chaka chomwecho, chifukwa chovindikira polowera mpweya mu injini chinaiwalidwa m'kati. Woyendetsa anapulumuka. Mu June 2025 ina yochokera pa Prince of Wales inatera mwadzidzidzi ku Thiruvananthapuram ku India n'kukhala komweko masabata asanu ikudikira amisiri, mpaka a zokopa alendo ku Kerala anayamba kuiseka pa intaneti kuti yakana kuchoka chifukwa chokomedwa. Mwezi womwewo boma linalengeza kuti ligula F-35A zokwana 12, mtundu umene sungatere pa sitima n'komwe. Mizinga ya Meteor ndi SPEAR 3, imene ikanathandiza B kumenya ili patali n'kubisa kufupika kwa mtunda wake, yachedwa mpaka zaka za m'ma 2030.

Zonsezi zikanachitika chimodzimodzi ndi C, mwinanso kuposa, chifukwa 2 biliyoni ija ikanachotsedwa m'thumba lomweli la ndege, masipeyala ndi amisiri. Ndalama itapezeka lero, ine sindingaiwononge pong'amba mabwalo a sitima kuti aikemo makina oponyera ndege zolemera ngati C. Ndingagule ndege zokwana kudzaza sitima imodzi popanda kubwereka, ndifulumizitse mizinga ija, yotsalayo ipite ku ndege yaulonda yopanda munthu yoti idzalowe m'malo mwa Crowsnest, imene akuti ipuma mu 2029.