Rampu yopinda ya galu wa dachshund: ndemanga yanga titaigwiritsa ntchito

Rampu iyi, thabwa lotsetsereka loti galu azikwerera ndi kutsikira pasofa osadumpha, ndiyabwino ndithu, ndipo aliyense amene ali ndi dachshund mnyumba ndingamuuze kuti ayambe wagula iyi asanaganize za kabedi kagalu kaya zoseweretsa. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa pazifukwa zomwe ndinene mmusimu.

Ife tili ku Lilongwe, mmashopu omwe ndinazungulira sindinaipeze ndiye tinachita kuitanitsa ku Joni, inabwera pa basi ili mukatoni yopindidwa pawiri. Ndiyamatabwa, pamwamba anamatapo kapeti yamizeremizere, kunsi kuli kachitsulo koti mutha kuikweza kapena kuitsitsa kutengera ndi sofa yanu. Zomangamanga palibe, mungoitulutsa nkutambasula basi.

Kwa amene simukumudziwa galu ameneyu, ndi uja wamiyendo yaifupi thupi lalitali, kwawo ndi ku Germany komwe ankamuweta kuti azilowa kuuna kukatulutsa nyama ina yofananako ndi chiuli. Thupi lomwelo ndi lomwe limamuika mmavuto. Pakati pa mafupa amsana pamakhala tizinthu tofewa toteteza kuti mafupawo asamakhulane, ndiye kwa agalu amtundu uwu timauma msanga akadali anthete, tsiku lina akangodumpha molakwika kamodzi mwa ito kamaphulika nkukanikiza mtsempha waukulu wamumsana. Madokotala amati IVDD, ndipo zimanenedwa kuti pafupifupi dachshund mmodzi mwa 4 aliwonse amadzadwala matenda amenewa, ena mpaka miyendo yakumbuyo kufa. Bingo wathu anayamba kuyenda atakhotetsa msana, ukamunyamula kulira, sofa yomwe ankaikonda ija ankangoima pansi kuiyang'ana. Adokotala aziweto atamuyeza anati mwayi wake miyendo ikugwirabe, anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu nkutiuza kuti akhale mukakhola masabata angapo osathamanga, ndipo akachira zodumpha zithe. Ana zinawakhudza kwambiri, wamng'onoyo ankachita kuyala chitenje pafupi ndi kakholako kumamuyankhula mpaka tulo.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri pa rampuyi ndi kapeti ija, zikhadabo zimagwira bwino moti olo atsike mothamanga saterereka. Kumiyendo kuli timalabala ndiye pamatailosi siyendayenda, izi nzofunika chifukwa galu ameneyu chinthu chikangomugwedezekera kamodzi sabwererakonso. Ndiyopepuka, pokolopa mumangoipinda nkuiimika kuseli kwa chitseko.

Koma musaganize kuti ikangofika galu ayamba kukwera yekha, ayi. Agalu amenewa ndi amakani, akakana akana. Ife tinayamba taigoneka pansi, kumaika tizidutswa tankhuku yophika pamwamba mpaka anazolowera kuyendapo, kenako kumaikweza pang'onopang'ono, mbali ina yasofa tinatchinga ndi mapilo kuti njira ikhale imodzi yokha. Pano amakwera ndi kutsika yekha bwinobwino. Vuto limakhalapo munthu akagogoda pageti, pamenepo amaiwala zonse nkufuna kuuluka, ndiye aliyense mnyumba muno anazolowera kuyamba wamugwira. Mawu ake ndi aakulu zedi, alendo amaganiza kuti mkatimu muli chigalu chachikulu mpaka atamuona.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Ndiyaifupi. Pasofa ili bwino koma mukaikweza kufika pabedi imaima kwambiri ngati makwerero, galu amachita kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, zomwenso sizabwino kumsana womwe tikufuna kuutetezawo, moti kuchipinda tinangomuletsa kukwera pabedi. Timasikuluwu ta popindira timamasuka, pamafunika kumatimangitsa pafupipafupi ndipo pepala lamukatoni silinanene chilichonse pa zimenezi. Kapeti nayo imasunga ubweya ndi fumbi, nyengo yotentha ino fumbi la ku Lilongwe mukulidziwa, ndimachita kukwecha ndi bulashi yolimba chifukwa tsache silichotsa. Panja musaisiye, matabwa ake sanapangidwire mvula. Pamasitepe apakhonde tinangoitana kalipentala, anaonera pa iyi nkupanga ina yaitaliko ya thabwa lolimba ndipo ikugwira ntchito bwino lomwe, ndiye ngati ndalama yogulira kuphatikiza yotumizira ikukulemerani njira imeneyo ilipo, bola muwauze amate kapeti kapena labala pamwamba, thabwa lopanda kanthu limaterera.

Chinanso abale anga, rampu payokha siingathandize ngati galuyo wanenepa. Kwathu kuno tinazolowera kuti nsima yotsala ndi yagalu, koma uyu akanenepa kulemera konseko kumalendewera pakati pamsana. Dachshund wamtundu waung'ono amene amati miniature asamapitirire makilogalamu 5, wamtundu waukulu amakhala pakati pa 7 ndi 14 chakuti. Ana aphunzitseni kumunyamula ndi manja awiri, lina pachifuwa lina kumbuyo thupi likhale lowongoka, osamukoka mmikono ngati mwana. Pokayenda naye ife timamumanga lamba wapachifuwa osati wapakhosi. Agaluwa amatha kukhala zaka 12 mpaka 16, ndiye msana umenewo uyenera kumufikitsa kutali.

Musanaitanitse tengani tepi muyeze kuchokera pansi kufika pamwamba pasofa kapena bedi, ndipo mufunse wogulitsa kutalika kwa rampu yonse ikatambasulidwa. Ngati ndiyapabedi sankhani yaitali kuposa iyi.