ACCA: kulembera kunyumba kapena ku senta? Ine ndayesa konse

Amene mukulemba mayeso a ACCA (maphunziro a ukatswiri wa za akaunti) muno mu Blantyre ndipo mukuganiza zolembera kunyumba poti mupulumutse ya transipoti, imani kaye ndikuuzeni zomwe ndinaona ine.

Pepala la FR (Financial Reporting, la kakonzedwe ka malipoti a zachuma) ndinalembera kwathu ku Bangwe mu March. Pomva zimakhala ngati zophweka, laputopu ya kamera, intaneti, chipinda cha wekha, basi. Koma chipinda cha wekhacho ku Bangwe uchipeza kuti? Ana ndinawathamangitsira kwa aneba, kalendala ya ku tchalitchi ndinachotsa pakhoma, ndinajambula chipinda mbali zonse mmene a ACCA amafunira, mpaka mayi a kunyumba anakhala pakhonde ngati alonda kubweza ogulitsa masamba kuti asakuwe. Pepala lolembapo masamu salola ngakhale limodzi, zonse pa sikirini, ndiye munthu ngati ine wozolowera kujambula ma T-account (timatebulo ta akaunti tooneka ngati T) kuseri kwa envulopu, consolidation (kuphatikiza ma akaunti a makampani a gulu limodzi) inanditulutsa thukuta ndisanafike n'komwe pakati. Kenako ndili pa funso la mamakisi 20 lija magetsi phethi! Laputopu inali ndi moto koma rauta inafera pompo, foni sungaigwire kuti uyatse hotspot poti imayenera kukhala kutali, ndinangokhala duu kuyang'ana kabwalo kakuzungulira pa sikirini. Sindikuloza chala aliyense, nyumba yangayo ndiyo sinali malo olembera mayeso. Koma mtima unawawa, poti fizi timalipira m'mapaundi, ndipo chigwere kwacha ndi 44% mu November 2023 muja aliyense akudziwa mmene kupeza forex kumavutira.

Mu June ndinapita ku senta ina m'tauni muno, ndipo ndi yomwe ndikufuna kuyamikira. Dzulo lake ndinakafika kukafunsa chinthu chimodzi chokha, jenereta ilipo? Bambo wa pageti anaseka n'kundilozera, ili kuseri uko zigubu za dizilo zili pambali. Tsiku la mayeso magetsi anathimadi kkkk, koma makompyuta sanazime, tinangomva jenereta yalira panja ife n'kumapitiriza. Mayi amene amatiyang'anira anali okhwima koma aulemu, anaona docket (chikalata cholowera m'mayeso) ndi chiphaso, anatembenuza kakyuleta yanga kuona kumbuyo, mafoni onse m'zikwama kutsogolo, atatero sanativutitsenso.

Zoipa ziliponso. Kiyibodi yomwe ndinapatsidwa batani la 7 limamatirira, ulembe 700 ituluke 00, ndiye mu sipuredishiti zimenezo ndi imfa. Ndinakweza dzanja anandisinthira, koma mphindi zingapo zinapita. Yesani mabatani onse mayeso asanayambe abale anga. Mipando yayandikana kwambiri, mnyamata wa pambali panga amamenya kiyibodi ngati akusinja mtedza maola 3 onse. Komanso chipindacho chimazizira, June wa ku Blantyre ndi chiperoni chake, zala zimachita kuuma, tengani juzi.

Za ulendo musazipeputse. Kuchoka ku Bangwe ndi maminibasi awiri, kutsika ku Limbe kenako wina wa mu Chipembere Highway, ndipo kondakitala sadziwa zoti iwe uli ndi mayeso, adikira mpaka adzaze. Pofika cha ku Ginnery Corner mzere wa magalimoto unali utayamba, ndinatsika n'kukwera kabaza. Mnzanga wa ku Zomba anachita bwino, anabwera dzulo lake n'kugona kwa achemwali ake ku Chitawira.

Ena akuti amalembera ku ofesi komwe kuli sola ndi intaneti yodalirika ndipo zimawayendera, ngati muli ndi mwayi umenewo ndi abwana omvetsa yesani. Ine ndilibe. Zotsatira za mayeso a June zitatuluka ndinapeza 54, pomwe pasi ndi 50, ndiye musandifunse za mphoto. AA (Audit and Assurance, pepala la za oditi) ndalembetsa kale ya September, senta yomweyo, ndipo ndikapempha mpando wakukhoma kutali ndi wosinja mtedza uja ngati abwerenso.