debtree pa Debian, ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5

Amene mumagwiritsa ntchito Debian kapena Ubuntu ndipo bandulo mumagula ndi ndalama ya m'thumba mwanu, kapulogalamu aka ka debtree kayeseni ndithu. Ine ndimakonza malaputopu akale n'kumaikamo Debian 12, ndiye chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti ukaiuza apt, pulogalamu yoikira mapakeji pa Debian, kuti ikuikire pakeji imodzi yokha, iyo imakutulutsira chimndandanda cha mapakeji ena oti udawunilode koma osakuonetsa kuti wakoka mnzake ndi ndani. Debian 12 ili ndi mapakeji oposa 64,000, zoti munthu angazisunge m'mutu palibe.

debtree imajambula ubale wonsewo pa chithunzi. Mumaika debtree ndi graphviz (pakeji yobweretsa dot, pulogalamu yojambula chithunzicho), kenako mulembe debtree vlc > vlc.dot, mukatero dot -Tpng -o vlc.png vlc.dot basi chithunzi chatuluka. Ndipo sikadya data, kamangowerenga zomwe apt update inatsitsa kale, ngakhale netiweki itathawa ntchito imayendabe.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi mitundu ya mizere. Mzere wa buluu ndi Depends, kutanthauza kuti popanda ameneyo pulogalamu yanu siyenda, musalimbane nazo. Wakuda ndi Recommends, mapakeji ongolangizidwa osati okakamiza, ndipo ndalama zambiri zimathera pamenepa anzanga, chifukwa apt imaika ma Recommends yokha osakufunsani payekhapayekha, ndiye mzere umodzi wakuda umatha kukoka pakeji yomwe nayonso ili ndi ana ake ndi zidzukulu, zonsezo kulowa pa disiki yaing'ono ya laputopu yokalamba. Ukaona ndi maso nthambi yonse ikulendewera pa kamzere kakuda kamodzi, umadziwa kuti apa kuuza apt --no-install-recommends, kuti isaike ma Recommends, kundithandiza, komanso umadziwiratu chimene ukusiya, osati kungodula mwachimbulimbuli kenako mawa kumadabwa kuti chinthu china sichikugwira. Wofiira ndi Conflicts, awiri amene sakhala nyumba imodzi. Pomwe pakeji ikuti ndipatseni uyu kapena uyu, onse amaikidwa m'bokosi limodzi, zooneka bwino zedi.

Ndinayesako apt-rdepends, nayo ndi yabwino koma imangokhuthula malemba ataliatali, maso amatopa. debtree imadumpha dala mapakeji ofunidwa ndi pafupifupi aliyense ngati libc6, apo ayi chithunzi chikanangodzaza mizere yolozera malo amodzi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Pa mapakeji akuluakulu ngati gnome kapena libreoffice chithunzi chimakula moti kuchiwerenga ndi ntchito, mpaka uchepetse ndi --max-depth=2 kapena --no-recommends, ndipo wongoyamba kumene sangazidziwe zimenezi asanatsegule man debtree. China, sikakuuza kuti nthambi iyi ndi ma MB angati, pomwe kwa ife funso lalikulu ndi lomwelo, ndiye umabwereranso kwa apt kukaona kukula kwake usanavomere.

Ngati funso lanu ndi lakuti pakeji iyi yapezeka bwanji pa makina anga, aptitude why ndiye yachangu, imayankha m'mizere yochepa. Koma musanaike chinthu chatsopano, makamaka ngati mukuika pa makompyuta angapo a pasukulu kapena mu ofesi, yambani mwajambula ndi debtree -I kuti muonenso zomwe zilimo kale. Ndi yaulere, ili mu repo ya Debian momwemo, apt install debtree graphviz.